Makoleji Athu ndi Chuma cha Anthu Athu



Pamene Dr. Robert Laws anatsegula sukulu ya Overtoun ku Khondowe m'chaka cha 1894, anaphunzitsa Mau a Mulungu pamodzi ndi ukalipentala, kumanga nyumba ndi kusindikiza mabuku. Koma amisiri ndi alembi ambiri otuluka kumeneko anapita ku migodi ya kumwera, nakalemeretsa eni ake.

Yunivesite ya Malawi inalandira ophunzira oyamba mu 1965, ya Zambia mu 1966, ndipo Sinodi ya Livingstonia inatsegula yake mu 2003. Nanga mlimi wa ku Mchinji kapena ku Chipata wapindulanji? Agulitsabe mtedza wake pa mtengo wolira, nagula mafuta ophikira pa mtengo wokwera.

Chifukwa chake ndikupemphani, abale, kuti tipereke minda ya mishoni kwa ophunzira ayeserepo mbeu ndi ulimi wothirira, ndiponso kuti makoleji athu aphunzitse kuyenga mafuta ndi kuyendetsa makopaletivi. Tikapanda kutero, ana amene tawaphunzitsa ndi zopereka za Akhristu osauka adzatsata njira ya makolo ao, ndipo midzi yathu idzatsala chimodzimodzi.