Mmene Tizilombo Tating'ono Timasonkhanira Kukhala Thupi Limodzi

 Nkhani yathu lero ndi ya tizilombo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndiponso za chiyambi cha matupi a nyama.

Inu nonse mudziwa kuti nyumba ya njerwa imamangidwa ndi njerwa zambiri. Thupi la ng'ombe, la nkhuku ndi la munthu lili chimodzimodzi. Njerwa zake ndi tizigawo tamoyo totchedwa maselo, timene timaoneka pokhapokha munthu atayang'ana m'makina okulitsa zinthu, otchedwa maikulosikopu. M'thupi la munthu wamkulu muli maselo pafupifupi 30,000,000,000,000. Koma zilipo zamoyo zina zimene thupi lake lonse ndi selo imodzi yokha, ndipo akatswiri a sayansi apeza kuti zamoyo zoterezi ndizo zinayamba kukhala pa dziko, nyama zonse zisanaoneke. Tsono funso nali: kodi zinatheka bwanji kuti maselo amene kale ankakhala lililonse palokha agwirizane nakhala thupi limodzi?

Tiyambe ndi kachilombo kena ka m'nthaka. M'chaka cha 1935 katswiri wina wa ku America, Kenneth Raper, analongosola kachilombo kamene anakapeza m'masamba owola a m'nkhalango ku North Carolina. Dzina lake ndi Dictyostelium. Kuchepa kwake, mutatindandalika pa mzere tokwana 2,500 ndiye kuti mwangokwanitsa inchi imodzi. Pa nthawi ya mwanaalirenji kalikonse kamayenda kokha, kumadya tizilombo tinzake totchedwa bakiteriya. Koma chakudya chikatha, njala ikalowa, tina timayamba kutulutsa mankhwala oitanira tinzake, monga umo amachitira nyakwawa pomenya ng'oma. Tomva kuitanako timathamangira pamodzi, nthawi zina mpaka 100,000, nkuunjikana kukhala kathupi kamodzi konga kankhono kopanda chigoba, kosaposa njere ya mpunga.

Kathupika kamakwawa kulowera kowala, ndipo kakafika pamalo pabwino kamaima. Apa mpamene pali chodabwitsa. Pa tizilombo 5 tilitonse, kamodzi kamafa nkuuma kuti kakhale phesi. Totsalato timakwera pamwamba pa phesilo nkusanduka tinjere, timene timanyamulidwa ndi tizilombo toyenda m'nthaka kupita kumalo a chakudya. Tina timafa kuti tina tipulumuke.

Koma inu amene munalimitsapo dima mudziwa kuti pa gulu sipalephera kukhala munthu wobwerera mowa, khasu lake osaligwiritsa. M'nthakamonso alimo otere. M'chaka cha 2000 Joan Strassmann ndi David Queller pamodzi ndi mnzawo anasakaniza mabanja awiriawiri a tizilomboti, napeza kuti kawirikawiri banja limodzi limazemba ntchito ya phesi, nkudzaza ana ake pamwamba pa tinjere. Ili ndilo vuto la thupi lopangidwa ndi osonkhana ochokera kosiyanasiyana: wakufa amafera mlendo, ndipo wochenjera ndiye amapindula.

Mvetsani bwino apa. Dictyostelium si kholo la nyama ayi. Kangotionetsa njira imodzi yopangira thupi, ndiyo ya kusonkhana. Kuti tidziwe njira imene nyama zinadzera, tiyenera kuyang'ana tizilombo timene tili pa chibale chenicheni ndi nyama.

Kamodzi mwa ito ndi Capsaspora, kamene kanapezeka m'thupi la nkhono ya ku Puerto Rico, ya mtundu wa zija zofalitsa likodzo. M'chaka cha 2013 akatswiri a ku Barcelona, m'dziko la Spain, anaonetsa kuti nakonso kamasonkhana ndi tinzake nkumamatirana m'timagulu. Kachilomboka kali ndi ulimbo wa mtundu womwewo umene umagwirizitsa maselo a m'thupi mwanu, ngakhale kuti iko ndi selo imodzi yokha. Izi zitiphunzitsa kuti ulimbowo unalipo kale nyama zisanayambe, ndipo nyama zinangoulandira ngati chuma chamasiye.

Mphamvu ya ulimbo umenewu anaionetsa H. V. Wilson m'chaka cha 1907. Iye anatenga siponji, nyama ya m'nyanja ya mchere yopanda mutu kapena miyendo, naifinya pa nsalu monga umo amayi amasefera ufa, mpaka maselo ake onse anabalalika m'madzi. Posapita nthawi maselowo anayamba kufunana ndi kuunjikana, ndipo patapita masiku anasanduka timasiponji tatsopano.

Koma abale apafupi kwambiri a nyama ndi tizilombo ta m'madzi totchedwa choanoflagellate, tokhala ndi kamchira kosambirira. M'chaka cha 2010 Nicole King ndi anzake a ku California anayang'anitsitsa mtundu umodzi wa tizilomboti umene umapanga timagulu tozungulira ngati duwa. Iwo anapeza kuti timaguluto sitipangidwa ndi alendo osonkhana. Selo imodzi imagawika pawiri, ana ake sapatukana, nawonso amagawika, mpaka gulu lonse likhala la mayi mmodzi.

Iyi ndiyo njira imene nyama zonse zimakulira mpaka lero. Mwana wa ng'ombe amayamba ngati selo imodzi m'mimba mwa make, ndipo mwanapiye amayamba chimodzimodzi m'dzira. Akatswiri akali kukambirana ngati kusonkhana kunathandizako pachiyambi penipeni, zaka zoposa 600,000,000 zapitazo, koma ambiri agwirizana pa chifukwa chimene njira yachiwiriyi inapambanira. Maselo onse akakhala a mayi mmodzi, wofera mnzake amafera mbale wake weniweni, ndipo palibe mlendo wodzadyerera. Chifukwa chake maselo akhoza kugawana ntchito mosaopa: ena akhala khungu, ena magazi, ena mafupa, ndipo ochepa okha ndiwo amasiya mbewu. Maselo a khungu lanu amafa tsiku ndi tsiku kuti inu mukhale ndi moyo, monga umo limachitira phesi lija.

Komabe ngakhale m'banja la mayi mmodzi mwana wosamvera amabadwa. Nthawi zina selo imodzi m'thupi imaonongeka, nkuleka kumvera malamulo a thupi. Imangogawika osaleka, nkumadya chakudya cha anzake popanda ntchito imene ikugwira. Imeneyi ndiyo nthenda ya khansa. Siichokera kwa mfiti kapena kwa mnansi wanjiru. Ndi maselo a mwini thupi amene apanduka. Imagwira anthu, ndipo imagwiranso ziweto, monga ng'ombe ndi agalu.

Tsono mafumu ndi anyakwawa, mawu oti mukawauze anthu anu pa bwalo ndi awa. Gulu la maselo opanduka limayamba laling'ono ndiponso pamalo amodzi, ndipo pa nthawi imeneyo kawirikawiri dokotala akhoza kulichotsa kapena kulipatsa mankhwala. Likabalalika m'thupi lonse ntchito imakula. Choncho munthu akaona chotupa pa bere kapena pena paliponse chimene chikukula, chilonda chosapola, kapena mayi akamataya magazi pa nthawi yosayenera, apite kuchipatala msanga, ngakhale asakumva kupweteka. Musadikire kuti muyambe mwakolola. Ng'ombe ikaoneka ndi chotupa cha pa diso kapena pa khungu, kauzeni mlangizi wa ziweto.