Alendo Okana Kukamuka ku Thyolo



Akuluakulu amati mlendo ndi mame. Koma kuno ku Thyolo tili ndi alendo oti dzuwa lawomba, iwo osakamuka. Tiyi yemweyu ndi mlendo, kwao ndi ku Asia, koma iyeyu ngwaulemu, amakhala pomwe wabzalidwa. Nkhani yanga ndi ya alendo odumpha mpanda.

Tiyambe ndi bulugama wa ku Australia. Maesiteti amamubzala kuti apeze nkhuni zoumitsira tiyi ku fakitale. Pamtunda alibe mlandu. Koma m'mbali mwa mtsinje amamwa madzi osapuma, ndipo mukamudula amaphukanso. Ovutika si a kuofesi ayi, koma mayi wa kumunsi amene kadimba kake kakudalira kamtsinje komweko. Inu mukudziwa kuchepa kwa malo m'boma lino. Munthu wa kamunda kongati chikhatho alibe kwina kosamukira.

Palinso lantana, chitsamba chaminga cha timaluwa tokongola chochokera ku America. Mbalame zimamwaza njere zake, chimatseka msipu, ndipo masamba ake amadwalitsa ng'ombe. Ku phiri la Mulanje, paini wa ku Mexico amene anabzala a zankhalango anafalikira yekha mpaka kupanikiza mkungudza wathu. Nanga mbozi za m'chimanga zija? Zinafika mu Africa mu 2016, ndipo mu December 2017 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza za ngozi m'maboma 20.

Kuchedwa kumadula. Taonani namasupuni mu Shire. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri anamwaza tizilombo tomudya, komabe mpaka panafunika makina ochotsa zomera m'madzi ku Liwonde kuti magetsi a ku Nkula asamazime.

Tsono ife tichitenji? Lantana tizule ndi mizu yomwe asanabereke, kungosadza n'kumulimira. Mbozi yachilendo ikaoneka, tikauze alangizi tsiku lomwelo, nkhani ifike kwa akatswiri a ku Bvumbwe. Ndipo eni maesiteti tiwapemphe poyera, kudzera mwa mafumu ndi aphungu athu, kuti bulugama achoke m'mbali mwa mitsinje, mubwerere mbawa ndi mkuyu.

Nthawi ya chipani chimodzi, funso lotere munthu unkalimeza. Chiyambire referendamu ya 1993 pakamwa patseguka. Phungu akabwera kudzapempha voti, mumtengere kumtsinje akaone yekha.