Za Maina a Angerezi, ndi za Mmisiri Wopatsa

Pa cikondwerero ici tiyang'ana makoma awa, amene makolo athu anamanga ndi njerwa zoumba okha. Angerezi ambiri anatenga maina ao ku nchito za manja: Mason ndiye womanga ndi miyala, Smith wosula, Thatcher wofolera nyumba. Koma Laing, dzina la ku Scotland, litanthauza wamtali cabe. Silichula nchito konse. Komatu Sir John Laing, wobadwira ku Carlisle m'1879, anali mkulu wa amisiri amene anamanga kacisi wamkulu wa ku Coventry, wopatulidwa m'1962. Cuma cace cocuruka anacipereka ku nchito ya Mulungu akali ndi moyo, kotero kuti pomwalira m'1978 anasiya mapaundi 371 okha. Tsono denga lathu lirikudontha. Mbale ya copereka idzapita pakati panu tikatha kuyimba.