Ntchito ya Nthumwi Yolowa M'malo

Mawu a Mlembi wa Nthambi pa msonkhano wa mamembala ku Bolero, Rumphi



Mwasankha nthumwi zopita ku Msonkhano Waukulu, kumene chipani chidzatchula munthu wodzatiimira pa chisankho cha Pulezidenti. Ife awiri mwatisankha kukhala olowa m'malo. Ena akuti tangopatsidwa ulendo wokaona nyumba zosanja za ku Lilongwe. Tiwayankhe pompano pamaso panu.

Ntchito yathu ndi iyi. Nthumwi ikadwala, kapena ikagweredwa maliro, mmodzi wa ife adzakhala pa mpando wake ndi kuponya voti. Zikafika zonse zili bwino, ife sitivota ayi, ndipo sitidzadandaula. Ku America nakonso, kumene zigawo zimayamba zasankha nthumwi zokatchula woimira chipani, amasankha olowa m'malo otere.

Tsono dzanja la nthumwi si lopepuka. Mu Ogasiti 1958 nthumwi za Nyasaland African Congress zinasonkhana ku Nkhata Bay, kufupi konkuno, ndi kusankha Dr. Banda kukhala mtsogoleri. Zinamlolanso kuti adzisankhire yekha akuluakulu a komiti yake. Sitiziweruza, pakuti Chitaganya chinali chitatigwira pakhosi. Koma mu 1960 ku Nkhotakota anamuika kukhala mtsogoleri wa chipani moyo wake wonse, ndipo pofika 1971 anali Pulezidenti Wamuyaya wa dziko. Mphamvu yoperekedwa m'masiku owerengeka a msonkhano inabwerera kwa anthu movutikira. Chakufwa Chihana, mwana wa kuno ku Rumphi, anamangidwa pa 6 Epulo 1992 atangotsika ndege ku Lilongwe, ndipo mpaka pa 14 Juni 1993 ndi pamene tinavotera zipani zambiri.

Chifukwa chake sitinyamuka ndi maganizo athu okha. Dzina limene nthambi igwirizane lero lilembedwe m'buku, a Wapampando asaine, ndipo ndilo tidzanyamula. Maina athu alembedwenso pa ndandanda ya nthumwi isanatumizidwe ku boma. Wolowa m'malo amene dzina lake palibe amathera pa chipata, atagwira khadi lake m'manja, mpando wa nthambi uli wopanda munthu.

Palinso nkhani ya usiku. Pa misonkhano yotere pamayenda anthu a maenvulopu m'nyumba zogona alendo. Wolowa m'malo ndiye amamkonda, pakuti palibe amamyang'anira: agule iyeyo, kenaka anyengerere nthumwi kuti m'mawa idzuke ndi mutu. Tikupempha kuti tonse tikagone malo amodzi, ndipo nthumwi ikalephera, a Wapampando aione ndi maso awo tisanalowe ife.

Tikabwera tidzafotokoza zonse pansi pa mtengo uno, tavota kaya sitinavote.

Za ulendo, thumba la nthambi likukwanira nthumwi zokha. Inu amene mwagulitsa fodya ku Mzuzu, ndi inu a khofi ku Phoka, a Msungichuma akhala pa tebulo ili mpaka dzuwa kulowa, ndipo aliyense wopereka alandire lisiti.