ZA SUKULU ZA MUDZI WA KALAMAZOO KU AMERIKA: MWINI WACE NDANI?

(Mau onenedwa ndi Mlembi pamaso pa Mafumu ndi Mamembala)

 Mau a sukulu sasowa pa misonkhano yathu, koma lero tipempha kuti ticoke kwathu pang'ono, tikaone mudzi umodzi wa kutsidya la nyanja, ndi umo anthu a kumeneko asungira sukulu zao. Sitinena kuti tiwatsanze m'zonse iai. Tifuna kufunsa zinthu zitatu zokha: aweruza sukuluzo ndani, azilipira ndani, ndipo ana apindula ciani.

Mudziwo dzina lace Kalamazoo. Uli m'cigawo ca Michigan, cimodzi ca zigawo 50 za United States of America, pakati pa njira yocokera ku Detroit kunka ku Chicago. Suli mudzi waukuru monga iwiriyo; pa kalembera wa caka ca 2020 anapezamo anthu 73,598.

Tiyambe ndi oweruza. Ku dziko lija Boma lalikuru la ku Washington siligwira sukulu m'manja mwace. Cigawo ciri conse ciri ndi Bwanamkubwa wace ndi nyumba yace ya malamulo, ndipo ndico ciika malamulo a maphunziro, nicigawa dziko lace m'madera a sukulu. Dera la Kalamazoo litenga mudziwo pamodzi ndi malo ena ouzungulira. Pamwamba pa sukulu zonse za m'deralo pali Bungwe la anthu 7, osankhidwa ndi eni mudzi mwa kuponya voti. Bungweli ndilo lilemba nchito mkuru woyang'anira sukulu zonse, ndilo libvomera cikonzero ca ndarama za caka, ndiponso likhoza kumcotsa mkuruyo ngati nchito yace siikoma. Lamulo la Michigan la caka ca 1976 linena kuti misonkhano ya mabungwe otere icitike poyera, kuti munthu ali yense akhoze kulowa, kumva, ndi kulankhula dandaulo lace. Potero mai wosauka akhoza kuima pamaso pa anthu 7 aja, nawafunsa cifukwa cace mwana wace sadziwa kuwerenga. Ndipo akakhumudwa nao, adzawakumbukira tsiku la cisankho.

Tsono za ndarama. Pano pali mbiri imene inachukitsa mudzi uwu kale lomwe. M'caka ca 1858 anthu a Kalamazoo anamanga sukulu yokhala ndi makalasi apamwamba, nailipira ndi msonkho wa pa nyumba ndi minda. M'caka ca 1873 eni cuma atatu anapita ku bwalo la mirandu kukakana msonkhowo. Wotsogolera wao anali Charles E. Stuart, munthu womveka amene anakhalapo m'nyumba ya malamulo ya ku Washington. Iwo anati msonkho ulipire sukulu yoyamba yokha, ya kuwerenga, kulemba ndi masamu, koma wofuna kuti mwana wace aphunzire Cilatini ndi nzeru zina zakuya adzilipirire yekha. Mlanduwo unakwera kufikira bwalo lalikuru la Michigan, ndipo m'caka ca 1874 woweruza Thomas M. Cooley anaugamula kuti eni cuma aja alibe mau. Ngati anthu a dera abvomera kusenza mtengo wace, palibe lamulo lowaletsa kuphunzitsa ana ao kufikira pamwamba. Ciweruzo ici cinamveka m'zigawo zina, nicilimbitsa mitima ya midzi yambiri yakumanga sukulu za sekondale zosalipiritsa. Makolo athu anati, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Bwalo lija linasandutsa mau otere kukhala lamulo la msonkho.

Koma msonkho wa pa nyumba unali ndi cilema cace. Dera la nyumba zokongola ndi mafakitale linasonkha zambiri losatopa, pamene dera la amphawi linadzifinya nilipeza zocepa. Cotero mwana wobadwira kuno anaphunzira bwino, wobadwira uko naperewera, angakhale onse anali a cigawo cimodzi. Cinthu cinaphulika m'mwezi wa March 1993 ku Kalkaska, dera laling'ono la kumpoto kwa Michigan. Anthu a kumeneko anakana kuonjezera msonkho, ndarama zinatha, ndipo Bungwe linatseka sukulu zonse patatsala pafupi sabata 10 kuti caka cithe. Manyazi ace anagwira cigawo conse. M'mwezi wa July caka comweco nyumba ya malamulo inacita cinthu coopsya: inafafaniza msonkho wa pa nyumba wolipira nchito ya sukulu, isanapeze colowa m'malo mwace, ndipo Bwanamkubwa John Engler anaikapo dzanja lace. Pa 15 March 1994 anthu a Michigan anaponya voti, nabvomera njira yatsopano yochedwa Proposal A.

Njirayo iri motere. Msonkho wa pa zogula m'masitoro unakwera kucokera masenti 4 kufika masenti 6 pa dola. Boma la cigawo litenganso madola 6 pa madola 1,000 ali onse a mtengo umene lauwerengera pa nyumba ndi malo. Ndipo dera litenga kufikira madola 18 pa 1,000 pa masitoro, mafakitale ndi nyumba za lendi, koma osati pa nyumba imene mwini wace agonamo. Pamenepo Boma liika mtengo wa pa mutu wa mwana ali yense. M'caka ca sukulu ca 2023 ndi 2024 mtengowo unali madola 9,608. Ana awerengedwa masiku awiri pa caka, Lacitatu loyamba la October ndi Lacitatu laciwiri la February, ndipo ndarama zidza monga mwa ciwerengero cimeneco. Za kumanga nyumba zinatsalira eni dera: Bungwe lipempha, anthu naponya voti, m'caka ca 2022 anthu a Kalamazoo anabvomera kukongola madola 197 miliyoni a kumanga ndi kukonza sukulu zao.

Mafumu athu, taonani pamene pagona nkhani. Madera osauka anakwezedwa, ndipo ici ncabwino ndithu. Koma walira mvula walira matope. Mphamvu ya eni dera yakudziikira okha msonkho wolipira aphunzitsi inacepa, ndipo popeza ndarama zitsata mutu wa mwana, mwana akacoka ndarama zicoka naye. Sukulu yotaya ana 100 itaya pafupi madola miliyoni imodzi, koma denga lace lifunabe kukonzedwa, ndi moto wa nyengo yacisanu ufunabe kusonkhezedwa.

Bvuto limeneli linagwira Kalamazoo kolimba. M'caka ca 1971 woweruza Noel Fox analamulira kuti ana akuda ndi ana oyera asaphunzire mopatukana, ndi kuti atengedwe pa mabasi kuti asanganizike m'sukulu. Ndipo m'zaka zotsatira mabanja ambiri okhala ndi cuma anasamukira ku midzi ya m'mbali. Nchito nazo zinayamba kusowa. Kampani ya mankhwala ya Upjohn, imene inali mzati wa mudziwo, inaphatikana ndi ina ya kunja m'caka ca 1995, nigwa m'manja mwa Pfizer m'caka ca 2003. Fakitale ya General Motors inatsekedwa m'caka ca 1999. Pofika caka ca 2005 ana a m'sukulu za deralo anatsika kufikira ngati 10,000, ndipo oposa theka anali a mabanja osauka.

Pomwepo panacitika cozizwitsa. Pa 10 November 2005, pa msonkhano wa Bungwe, Mai Janice Brown, amene anali mkuru woyang'anira sukulu masiku aja, analalikira kuti anthu ena acuma, osafuna kuti maina ao adziwike, alonjeza kulipira fizi ya ku koleji ya mwana ali yense wotsiriza sekondale m'sukulu za deralo. Lonjezo ili licedwa Kalamazoo Promise. Silisankha wanzeru yekha, kapena wosauka yekha. Lifunsa cimodzi: kodi mwanayu wakhala m'dera lino, naphunzira m'sukulu zace zaka zingati? Woyambira kalasi la ana ang'ono kufikira kumapeto alipiridwa fizi yonse. Wolowa poyamba pa zaka 4 zotsiriza za sekondale alipiridwa magawo 65 mwa 100. Wofika pambuyo pace salandira kanthu. Mwana apatsidwa zaka 10 zakuti agwiritse nchito mphatsoyo m'makoleji a Boma a mu Michigan, ndipo kuyambira otsiriza a caka ca 2015 analola makoleji enanso osakhala a Boma. Muone kucenjera kwace kwa eni mphatso: sanapatse Bungwe ndarama, koma anapatsa makolo cifukwa cakukhalira m'mudzi, podziwa kuti mwana akakhala, ndarama za Boma zikhala naye.

Nanga zipatso zace nzotani? Caka cotsatira, ca 2006, ana anaonjezeka ngati 1,000, ndipo m'zaka 10 ciwerengero cinakwera pafupi gawo limodzi mwa magawo 4. Anamanga sukulu zatsopano, cinthu cimene sicinacitike zaka zambiri. M'mwezi wa June 2010 President Barack Obama anadza yekha kudzalankhula kwa ana otsiriza pa Kalamazoo Central High School. Akatswiri atatu, Timothy Bartik, Brad Hershbein ndi Marta Lachowska, a nyumba ya kafukufuku ya Upjohn Institute ya m'mudzi momwemo, analondola anawo, napeza kuti lisanadze Lonjezo, mwa ana 100 otsiriza sekondale, ngati 36 ndiwo anatenga digiri kapena setifiketi pofika zaka 6. Litadza Lonjezo anakhala ngati 46.

Kumeneku nkupindula koona, ndipo sitikucepsa. Komatu werengani mbali inzace: mwa ana 100 aja, oposa theka anafika zaka 6 opanda pepala liri lonse m'manja, cinkana fizi inali yolipiridwa. Akatswiri omwewo anapeza kuti atsikana anapindula koposa anyamata. Ndiponso m'mayeso a cigawo ochedwa M-STEP, amene anayamba m'caka ca 2015, ana a Kalamazoo akhala pansi pa muyeso wapakati wa Michigan m'kuwerenga ndi m'masamu. Cifukwa cace sicibisika. Lonjezo lilipira fizi, koma sililipira cakudya, kapena pogona, kapena mabuku. Mwana wofika ku koleji osakhwima m'kuwerenga agwa m'caka coyamba. Wina asiya kuti akagwire nchito yodyetsa abale ace. Khomo linatseguka, koma mwana wolema miyendo sanalowe cifukwa ca kutseguka kokhako.

Cimene tiyamika pa anthu aja ndi ici, cakuti ciwerengero cosakondweretsa sanacikwirire. Cinalembedwa, cinasindikizidwa, ndipo munthu ali yense akhoza kucitenga, napita naco ku msonkhano wa anthu 7 aja. Mphatso ya anthu obisika ndi yaikuru, koma iwo simungawaitane ku bwalo, pakuti simudziwa maina ao. Amene mungawaitane ndiwo amene munawasankha, ndi ndarama zimene mungazifunse ndizo zimene munasonkha. Apa ndipo tiona mwini wace wa sukulu: ndiye amene alipira, nakhala ndi mphamvu yakufunsa, nafunsadi.

Cifukwa cace, Mafumu athu ndi abale, sitikupemphani kuti mudikire munthu wacuma wobisa dzina. Otere sapezeka mudzi uli wonse. Tikupemphani kuti pobwerera kwanu, yense apite ku komiti ya sukulu ya kwao ndi mafunso atatu aja. Anawasankha ndani anthu a m'komitimo, ndipo misonkhano yao icitika poyera kodi? Ndarama zinalowa caka catha zinali zingati, zinacokera kuti, ndipo zinagula ciani? Mwa ana amene analowa kalasi loyamba, angati anafika kumapeto, anyamata angati ndi atsikana angati, ndipo otsalawo ali kuti? Mufunse ndi ulemu, koma musacite manyazi, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mayankho ace muwalembe, muwatumize kwa Mlembi usanafike msonkhano wa m'tsogolo, kuti tidzawawerenge pamodzi pamaso pa onse.

Mau athu athera pamenepa.