Diso la Kamera Limaona Mpaka Pati?



Masiku ano eni masitolo, zigayo ndi nyumba ambiri akupachika makamera achitetezo. Koma ena mwa iwo, akuba atathyola usiku, amakapeza kuti kamera inajambuladi munthu, koma nkhope yake ndi kadontho chabe kosazindikirika. Ndalama zapita, katundu wapita, umboni wopereka kupolisi palibe. Kawirikawiri cholakwa sichikhala cha kamera ayi, koma cha mwini wake amene anagula asanawerengere malo amene kamerayo idzaone.

Taganizani za zenera. Mukaima pafupi nalo mumaona bwalo lonse. Mukabwerera m'mbuyo mumaona kachigawo kochepa. M'kamera ndi chimodzimodzi. Kutsogolo kuli galasi lotchedwa lenzi, ndipo kumbuyo kwake kuli kachipangizo kolandira kuwala kotchedwa sensa. Nambala ya mamilimita yolembedwa pabokosi, monga 4 kapena 8, imasonyeza kutalikirana kwa ziwirizi. Nambalayo ikakhala yaing'ono kamera imaona malo otambalala. Ikakhala yaikulu imaona malo ochepa, koma zinthu zimaoneka zazikulu.

Tsopano tengani pensulo. Yezani mtunda wochokera pomwe mudzapachike kamera kufika pomwe mufuna kuona. Chulukitsani mtundawo ndi mulifupi mwa sensa, kenaka gawani ndi nambala ya lenzi. Yankho lake ndilo kutambalala kwa malo amene adzaoneke pachithunzi.

Tiyeni tiyese. Chipata chanu chili pa mamita 10. Sensa yotchedwa 1/3 inchi ndi ya mamilimita pafupifupi 4.8 mulifupi. Ndi lenzi ya mamilimita 4, tichulukitsa 10 ndi 4.8, tipeza 48. Tigawa ndi 4, tipeza mamita 12. Ndi lenzi ya mamilimita 8 tipeza mamita 6 okha.

Wina anena kuti, "Ndiye ndigule ya 4, poti ikuona zambiri." Dekhani pang'ono, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Chithunzi cha kamera chimapangidwa ndi timadontho. Kamera ya 1080p ili ndi timadontho 1,920 pamzere uliwonse wopingasa. Tikatimwaza pa mamita 12, mita iliyonse ilandira timadontho 160. Tikatimwaza pa mamita 6, ilandira 320. Muyezo wa m'maiko onse wotchedwa IEC 62676-4, monga unatulukira m'chaka cha 2014, unaika timadontho 125 pa mita kuti muzindikire munthu amene mumamdziwa kale, ndi 250 kuti nkhope ya mlendo itsimikizike. Choncho lenzi ya 4 ikuonetsani kuti wolowayo ndi mlonda wanu, koma kuti mugwire mlendo pachipata chimenecho mufunika ya 8.

Kumbukiraninso zinthu ziwiri. Pansi penipeni pa kamera pamakhala malo amene siiona, ndipo munthu angathe kudutsa pamenepo atatsamira khoma. Komanso mukaipachika pamwamba kwambiri mudzangojambula zipewa ndi mitu, osati nkhope.

Motero musanapite kusitolo dzifunseni: kodi ndifuna kuona bwalo lonse, kapena nkhope ya wolowa pachipata? Ngati mufuna zonse ziwiri, ntchitoyo ndi ya makamera awiri. Ikapachikidwa, tumani mwana akaime pachipata masana ndi usiku womwe, inu muone ngati nkhope yake ikuzindikirika.