Liwu Limodzi, Akatundu Ambiri

Lero tikambirana za liwu lalifupi la Chingerezi lakuti push, limene lasokoneza ophunzira ndi omasulira ambiri.

Mwana aliyense wa pulayimale adzakuuzani kuti push ndi kukankha. Sananame. Munthu wochokera kumsika wa Golomoti akafika pachitunda cha Khwekhwerere amatsika njinga n'kumaikankha, ndipo Mngerezi angatero ndithu. Koma njinga yomweyo amaitcha push-bike ngakhale mwini wake ali pachishalo, chifukwa miyendo ndiyo imakankha mapedulo. Ife timati njinga yakapalasa. Iwo anaona kukankha, ife tinaona kupalasa.

Titsikire kunyanja tsopano. Msodzi akamachotsa bwato pagombe, Chingerezi chimati push off. Koma mawu omwewo akanenedwa kwa munthu, ndi chipongwe: ndiye kuti "choka pano". Mwana wasukulu asayerekeze kuwanena kwa akuluakulu.

Kuchipatala, namwino wophunzira m'Chingerezi amadziwa kuti mayi pobereka amauzidwa kuti push. Atati amasulire molunjika n'kunena kuti "kankhani", mayiyo angasowe choti akankhe. Azamba athu amati "chimani", ndipo mayi amamva nthawi yomweyo. Apa kumasulira bwino kumakhudza moyo wa anthu awiri.

Palinso kukankha kopanda manja. Gogo Chalo Theresa Kachindamoto wa ku Mtakataka, amene analowa ufumu mu 2003, anathetsa mazanamazana a maukwati a ana n'kuwabwezera kusukulu. Nkhani ya m'Chingerezi inganene kuti mfumuyo pushed for change. Sikuti inagwetsa munthu ayi. Tanthauzo lake ndi kulimbikira osatopa kufikira chinthu chitasintha. Ndipo chinasinthadi: lamulo la mu 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anakonzedwa kuti agwirizane nalo. Koma bambo akamati push kwa mwana wake wamkazi kuti akwatiwe, kumeneko ndi kuumiriza. Liwu ndi limodzi, ntchito zake n'zotsutsana.

Chenjeraninso ndi makalata. Akakulemberani kuti msonkhano wa alimi a thonje wakhala pushed back, ndiye kuti tsiku alisunthira m'tsogolo, ngakhale back amatanthauza kumbuyo. Wosadziwa amafika mofulumira n'kupeza pabwalo palibe munthu.

Kodi liwuli linachokera kuti? Angerezi analibwereka ku Chifalansa, ndipo Afalansa analitenga ku Chilatini, ku liwu lakuti pulsare, kutanthauza kugunda kapena kumenya. N'chifukwa chake kugunda kwa mtima, kumene namwino amawerenga pamkono, kumatchedwa pulse. Mawu awiriwa ndi apachibale. M'Chifalansa, chinenero cha ambiri mwa ansembe a White Fathers amene anatsegula mishoni ya Mua mu 1902, pousser amatanthauzanso kumera. Kwa iwo chimanga chikamatuluka m'nthaka chimakhala chikukankha.

Pamene Chingerezi chasenzetsa liwu limodzi akatundu onsewa, Chichewa chimagawa: kukankha, kupalasa, kuchima, kulimbikira, kuumiriza, kusuntha. Choncho mukakumana ndi push, musafulumire kutsegula dikishonale. Yambani mwafunsa kuti akulankhula ndani, kwa yani, ndipo ali kuti.